Funsani Mmisiri: makina akufuna waya, pakhomo pali Wi-Fi yokha

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba vuto limodzi. Munthu ali ndi makina abwinobwino, kaya pulinta, dikoda kapena bokosi la makamera, koma kumbuyo kwake kuli poti ya waya wa netiweki basi, pomwe intaneti ya pamalopo imabwera pa Wi-Fi. Ndasankhapo makalata asanu ndi limodzi, ena ndawafupikitsa kuti akwane pa tsamba.

Funso: Bambo mmisiri, ndili ndi shopu yotayipa ndi kusindikiza mapepala ku Limbe. Ndinagula pulinta yogwirapo kale ntchito koma yolimba, HP LaserJet Pro M404dn. Rauta ili kuchipinda chakutsogolo, pulinta kuchipinda chakumbuyo, ndipo eni nyumba akana kuti tiboole khoma. Aliyense wofuna kusindikiza amanyamula laputopu kukalumikiza ndi waya wa USB, atsikana anga mpaka atopa nazo. Ndiigulitse ndigule ya Wi-Fi? *Mayi wa ku Limbe*

Yankho: Musaigulitse, mayi. Pulinta imeneyo ndi ya ntchito, ndipo vuto lanu litha ndi kabokosi kokwana m'dzanja. Pa mapulinta a HP, chilembo n kumapeto kwa dzina chimasonyeza kuti pali poti ya netiweki, w ndiye Wi-Fi. Yanuyo ili ndi n, choncho ikudikira waya. Chimene mukufuna ndi chipangizo choima pakati, chogwira Wi-Fi ya rauta yanu monga imagwirira foni, n'kuitulutsa pa waya wopita ku pulinta. M'masitolo muchipeza ndi mayina osiyanasiyana, ena amati wireless bridge, ena range extender, ena travel router. Inu muone zinthu ziwiri pa katoni: pakhale poti ya Ethernet, yolowa waya wa netiweki, ndipo pa ntchito zimene chimagwira palembedwe Client. Chimene ndimaikira anthu kawirikawiri ndi TP-Link TL-WR802N. Kali ndi poti imodzi, kamagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz, ndipo kamayaka ndi tchaja ya USB ya mavoti 5.

Pokakonza, muyambire pafupi ndi rauta. Pansi pa kabokosiko pamatidwa kapepala kokhala ndi dzina la Wi-Fi yake ndi pasiwedi. Lowani pa Wi-Fi imeneyo ndi laputopu, tsegulani Chrome, lembani tplinkwifi.net. Pa Quick Setup sankhani Client. Kakuonetsani ma Wi-Fi onse amene kakuwapeza, dinani yanu, lembani pasiwedi ya rauta ya pashopu. Kazima n'kuyakanso, ndipo Wi-Fi yake ija isowa pa laputopu. Izi zisakudetseni nkhawa, ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa tsopano kasiya kuulutsa, kakungolandira.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa malo okaikapo. Waya umene umabwera m'katoni ndi waufupi, ndiye munthu amangokaponya kuseri kwa pulinta, pansi pa tebulo, pakati pa makatoni a mapepala ndi kabati yachitsulo. Mawa lake akudandaula kuti chinthucho n'chachinyengo, tsamba limodzi likutenga mphindi zisanu. Chinthucho sichinalakwe. Kabokosi kakhale pamene Wi-Fi ili yamphamvu, mtunda wotsalawo uyende waya. Waya wa Cat5e kapena Cat6 umanyamula netiweki mpaka mamita 100 osafooka, pomwe Wi-Fi imachepa mphamvu pa khoma lililonse la njerwa, ndipo pa chitsulo ndi pa malata imabwerera. Choncho tengani foni, ikanimo pulogalamu ya WiFi Analyzer, muyende nayo m'chipinda chakumbuyocho mukuyang'ana nambala ya dBm, yosonyeza mphamvu ya Wi-Fi. Ikakhala cha m'ma -50 ndi bwino kwambiri, cha m'ma -67 ntchito iyendabe, ikafika -80 pamenepo musaikepo kanthu. Nthawi zambiri malo abwino amapezeka m'mwamba, pamwamba pa felemu ya chitseko choyang'ana kutsogolo. Khomani kabokosiko pamenepo, mugule waya wa mamita 5 kapena 10, muuyendetse m'mphepete mwa khoma mpaka pa pulinta.

Mukalumikiza, sindikizani lipoti la netiweki kuchokera pa menyu ya pulintayo. Adiresi yake ya IP, nambala imene makompyuta amaipezera pa netiweki, iyenera kuyamba ndi manambala ofanana ndi a rauta, monga 192.168.0 kapena 192.168.8. Mukaona ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse adiresi, yangodzipatsa yokha, ndipo palibe kompyuta imene iipeze. Zikatero bwererani ku pasiwedi ndi ku malo a kabokosi. Zikayenda, lowani m'masetingi a pulinta muipatse adiresi yokhazikika, yakutali ndi imene rauta imagawira mafoni, mwachitsanzo yothera ndi 250 ngati rauta yanu imagawa kuyambira 100 mpaka 199. Mukapanda kutero, tsiku lina magetsi akazima n'kuyakanso adiresi idzasintha, makompyuta onse n'kumati pulinta kulibe. Pa laputopu iliyonse muionjezere polemba adiresi imeneyo, musadikire kuti Windows iipeze yokha.

China chimodzi. Ngati muli ndi Wi-Fi ya alendo yopatsa makasitomala, kabokosiko musakaike pa imeneyo. Wi-Fi ya alendo inapangidwa dala kuti zida zimene zili pamenepo zisaonane. Intaneti iyenda, koma kusindikiza kukana.

Funso: Ankolo, ndine wophunzira ku Zomba. Bambo anandipatsa desikitopu ya ku ofesi yakale, ilibe Wi-Fi. Kunyumba kumene ndimachita lendi kuli Wi-Fi ya tonse. Ndigule bridge ija mumanenayi? *Mnyamata wa ku Chikanda*

Yankho: Ayi mphwanga, usaononge ndalama. Bridge ndi ya makina amene sungathe kuwaikira pulogalamu, monga pulinta kapena dikoda. Kompyuta imangofuna kadongo (dongle), kachipangizo ka Wi-Fi kolowa pa USB, kotchipa kuposa bridge. Sankha kokhala ndi mlongoti wakunja, ndipo ngati desikitopuyo imakhala pansi pa tebulo, gula kawaya kotalikitsira USB kuti kadongoko kakwere m'mwamba. Uonetsetse kuti m'katoni muli dalaivala wa Windows imene uli nayo.

Podikira ndalama, foni yako ya Android ithandiza. Ilowetse pa Wi-Fi ya nyumbayo, uilumikize ku kompyuta ndi waya wa tchaja wonyamula data, kenako m'masetingi a hotspot yatsa USB tethering. Koma chenjera. Kompyuta imaona njira imeneyi ngati waya wa mu ofesi wopanda malire, ndipo Windows imayamba kukoka ma update ake. Wi-Fi ikangoduka foni n'kubwerera pa data yako, bandulo ya sabata itha usanamalize kumwa tiyi. Zimitsa data ya mu foni usanayambe, ndipo pa kompyuta yatsa Metered connection kuti Windows izisamala data.

Funso: Achimwene, ndinali ndi rauta yakale ya TP-Link yongokhala mu dilowa. Ndinaikonza kuti igwire Wi-Fi ya rauta yaikulu, n'kulumikizako TV ndi waya. TV ikugwira, koma kuyambira tsiku limenelo mafoni a m'nyumba amati alumikizidwa koma intaneti palibe. Ndikazimitsa rauta yakaleyo zonse zimabwerera. Akazi anga andiuza kuti ndiitaye. *Bambo wa ku Area 49, Lilongwe*

Yankho: Auzeni alamu apirire pang'ono, rautayo ilibe tsoka. Maganizo anu anali abwino, chatsala ndi kudina malo awiri.

Rauta iliyonse imabwera ndi ntchito yogawa maadiresi, imene imatchedwa DHCP. Foni ikalowa pa Wi-Fi imapempha adiresi, ndipo amene wayamba kuyankha ndi amene imamumvera. Pamodzi ndi adiresiyo imauzidwanso kumene kuli khomo lotulukira ku intaneti. M'nyumba mwanu tsopano muli ogawa awiri. Zili ngati mudzi umodzi wokhala ndi mafumu awiri, aliyense akugawa minda osafunsa mnzake: ena apatsidwa munda umodzi anthu awiri, ena alozeredwa njira yosafika kumsika. Foni imene yayankhidwa ndi rauta yakale imauzidwa kuti khomo ndi rauta yakaleyo, pomwe iyo ilibe intaneti yakeyake. N'chifukwa chake ikuti yalumikizidwa koma palibe chikutseguka. Mwinanso marauta onse awiri ali pa adiresi imodzi, poti ambiri a TP-Link amachoka ku fakitale ali pa 192.168.0.1.

Chitani izi. Zimitsani rauta yaikulu kaye, lumikizani laputopu ku yakaleyo ndi waya, lowani m'masetingi ake. Pa LAN sinthani adiresi yake ikhale ya m'gulu la rauta yaikulu koma yosiyana kumapeto, monga 192.168.0.2. Ikayakanso lowani pa adiresi yatsopanoyo, pitani pa DHCP, muizimitse. Kenako yatsani yaikulu, mafoni onse muwatulutse pa Wi-Fi n'kuwalowetsanso. TV ikhale pa poti ya LAN, osati ya WAN ija ya mtundu wosiyana.

Sindikudziwa kuti munadutsira menyu iti, koma pa marauta akale njira yake imakhala WDS Bridging, ndipo imeneyi ili ndi khalidwe lake. Imafuna kuti marauta onse awiri akhale pa tchanelo imodzi. Rauta yaikulu ikakhala pa Auto, tsiku lina imasamuka tchanelo, yakaleyo n'kutsala. Ikhazikeni pa 1, 6 kapena 11, chifukwa pa 2.4 GHz matchanelo atatu amenewa ndi amene salowerana. Muonenso chitetezo. WPA3 inabwera mu 2018, ndipo rauta yopangidwa kale kuposa pamenepo kawirikawiri siidziwa. Rauta yaikulu muiike pa WPA2, kapena pa WPA2 ndi WPA3 pamodzi. Koma ngati yakaleyo imangodziwa WEP, pamenepo ndigwirizana ndi alamu. WEP inathyoledwa kalekale, ndipo sindingalole kuti mufooketse chitetezo cha nyumba yonse chifukwa cha TV.

Ngati pa menyu pali Operation Mode, muona Range Extender ndi WISP. Range Extender imakonza yokha zonse ndanenazi, koma imaulutsanso Wi-Fi, ndipo poti wailesi yake ndi imodzi yolandira ndi kutumiza, mafoni olowa pa iyo amapeza pafupifupi theka la liwiro. WISP imapanga netiweki yakeyake kuseri kwake. TV ipeza intaneti bwinobwino, koma foni ya pa rauta yaikulu siidzaiona TV ija mukafuna kuponyako kanema.

Funso: Pabalaza ndili ndi DStv Explora, TV ndi PlayStation ya ana. Rauta ili kuchipinda chogona komwe netiweki imagwira bwino. Kodi bridge imodzi ingatumikire zonse zitatu? Mnzanga akuti ndigule zija zodutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi. *Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu*

Yankho: Ingatumikire, mukaika switch, kabokosi kogawa waya umodzi wa netiweki ku zida zingapo, kuseri kwake. Waya umachoka pa bridge kulowa mu switch ya mapoti 5, zida zitatuzo n'kutenga kuchokera pamenepo. Koma apa kabokosi kamene ndawauza mayi a ku Limbe kachepa. Pulinta imatumiziridwa tsamba n'kupuma, pomwe kanema ndi masewera zimakoka mosalekeza. Pezani chogwira 5 GHz, monga TL-WR902AC kapena extender yolembedwa AC1200, ngati rauta yanu nayonso ili ndi 5 GHz. Marauta a ASUS ntchito imeneyi amaitcha Media Bridge, ndipo mapoti ake onse a LAN amagwira, osafunanso switch. Dziwani kuti 5 GHz imathamanga koma siipirira makoma ngati 2.4 GHz. Pakati pakakhala makoma atatu a njerwa, yesani zonse ziwiri muone yokhazikika. Muonenso poti: yolembedwa 10/100 siipitirira 100 Mbps ngakhale pa katoni palembedwe 1200.

Pali chinthu chimene ogulitsa sanena, ndipo ndi bwino muchidziwe musanadabwe. Chida chilichonse cha netiweki chili ndi nambala yake yobadwa nayo, adiresi ya MAC. Wi-Fi inapangidwa ndi maganizo akuti amene walowa pa rauta ndi chida chimodzi cholankhula za icho chokha, ndipo uthenga wake wa nthawi zonse uli ndi malo a maadiresi atatu. Kuti bridge inene kuti uthengawu ndi wa dikoda, uwu ndi wa TV, pamafunika malo achinayi. Malowo alipo, ndi amene WDS imagwiritsa ntchito, koma kampani iliyonse inawakonza mwa njira yake, moti zida za makampani osiyana kawirikawiri sizimvana. Pothawa vutoli, bridge zambiri zimabisa zida zonse kuseri kwa MAC yawo imodzi, n'kumasunga zokha kaundula wa uthenga wa yani ndi uti. Pa YouTube ndi Catch Up simudzaona vuto lililonse. Mudzaliona mukalowa mu rauta kuti muchepetse liwiro la PlayStation kapena kuitsekera usiku: mupeza zida zitatu zikuoneka ngati chimodzi, mukatsekera ana mwatsekeranso intaneti ya TV ndi dikoda.

Musanagule kanthu yang'anani zimene muli nazo kale. PlayStation 4 ndi 5 zili ndi Wi-Fi mkati, TV zambiri zamakono chimodzimodzi. Explora Ultra nayonso ili nayo, ndipo Explora zakale zili ndi kachipangizo kake ka USB kotchedwa DStv WiFi Connector. Mwina pa zitatuzo chofuna thandizo ndi chimodzi chokha.

Za mnzanuyo, amanena powerline. Ndi timabokosi tiwiri, kena pa soketi ya pafupi ndi rauta, kena pabalaza, ndipo netiweki imayenda m'mawaya a magetsi a m'khoma. M'nyumba yowayilidwa bwino, ya mita imodzi, zimagwira ndithu, ndipo vuto la MAC lija kulibe. Koma zimafuna kulowa pa soketi ya pakhoma penipeni. Pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi amphamvu zimafooka kapena kukaniratu, ndiye mukakamizika kuziika popanda chitetezo, m'dziko limene magetsi amazima ndi kubwera mwamphamvu. Komanso magetsi akazima, rauta ndi bridge mutha kuziyatsa ndi ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi, kapena power bank, pomwe powerline imafa limodzi ndi soketi. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndakwera kudenga kuona ngati waya sungadutse mu siling'i kuchoka kuchipinda kufika pabalaza. Nyumba zathu zambiri n'zapansi, ndipo waya wa mamita 20 umatsikira pakona osaboola khoma lililonse. Palibe bridge imene ingafanane nawo.

Funso: Akulu, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Kumudzi ku Mangochi ndinatsegula golosale, ndinaikamo makamera anayi a Hikvision. Bokosi lojambulira lili ndi poti ya waya yokha, pomwe pashopu pali MiFi yopanda poti. Ndikufuna ndiziona shopu pa foni ndili kuno. Wondiikira makamera akuti pafunika kutsegula mapoti pa rauta. *Mmalawi wa ku Joni*

Yankho: Achimwene, njira zilipo ziwiri, ndipo ndikuuzani imene ndingasankhe. Yoyamba ndi bridge ya Client, igwire Wi-Fi ya MiFi n'kupereka ku bokosilo pa waya. Imagwira. Koma MiFi inapangidwira kuyenda nayo m'thumba. Ikakhala pa tchaja usana ndi usiku, m'shopu ya malata, ndi kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala, batire yake imatupa. Zambiri zimagonanso zokha zikaona kuti palibe akuzigwiritsa ntchito. Ndiponso wogulitsa m'shopu akhoza kuitenga popita kunyumba, inu n'kumaona mdima pa foni osadziwa chifukwa. Njira yachiwiri ndi kusiya MiFi, kugula rauta ya 4G yolowa SIM, monga Huawei B311 kapena B315, imene ili ndi poti ya LAN kumbuyo. SIM yomweyo ya Airtel kapena TNM muisamutsire mmenemo, bola rautayo isakhale yotsekeredwa kampani ina. Mukagula kumeneko, funsani zimenezi musanalipire. Waya umodzi kuchoka pa rauta kufika pa bokosi, nkhani yatha, bridge osafunikanso. Rauta ndi bokosi zikhale mu kabati yokhoma yolowa mpweya, pa UPS imodzi.

Zotsegula mapoti zisiyeni. Pa intaneti ya SIM, makasitomala ambiri amatulukira pa adiresi imodzi ya kampani ya mafoni, zimene amisiri amazitcha CGNAT, ndipo ngakhale mutsegule mapoti pa rauta yanu, wochokera kunja safika. Kumene zimatheka, mumakhala mwatsegulira dziko lonse bokosi lanu. Hikvision ili ndi njira yake, Hik-Connect. Pa bokosi, m'masetingi a netiweki, muyatse Platform Access, muone kuti yalemba Online, kenako mujambule QR code yake ndi pulogalamu ya Hik-Connect pa foni yanu. Akaunti ikhale yanu, pa nambala kapena imelo yanu, osati ya woika makamera. Bokosi limamangidwa ku akaunti imodzi, ndipo tsiku limene mudzasiyane naye munthuyo mudzavutika kulimasula. Pasiwedi ya bokosi nayonso muisinthe akamaliza ntchito.

Za bandulo muwerengere. Kujambula kumachitikira mu bokosi momwemo, sikudya data. Data imapita pamene inu mukuonera. Kamera imodzi pa chithunzi chowala cha 2 Mbps imadya pafupifupi 900 MB pa ola. Pa chithunzi chopepuka, sub-stream ya 512 kbps, ndi pafupifupi 230 MB. Makamera anayi pamodzi, muchulukitse kanayi. Muzionera pa chopepukacho, chowala muzitsegula pokhapokha pali chimene mukufuna kuchionetsetsa.

Funso: Pasukulu pathu mabungwe anatithandiza ndi Starlink, ili mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Chipinda cha makompyuta chili mu buloko ina, mamita pafupifupi 70, muli madesikitopu 15 olumikizidwa pa switch. Komiti ikuti tigule extender imodzi. Ena akuti tikoke waya pamitengo. Tithandizeni, ndalama ndi za makolo. *Mphunzitsi wa ku Dedza*

Yankho: Aphunzitsi, zikomo kuti mwafunsa musanagule, chifukwa njira zonse ziwirizo zikanakugwetsani mphwayi. Extender ya m'nyumba siingakoke Wi-Fi yodutsa makoma awiri ndi bwalo la mamita 70 n'kudyetsa makompyuta 15. Ana adzangokhala akuyang'ana tsamba likuzungulira, piriyodi n'kutha.

Waya wa pamitengo ukhoza kugwira, poti mamita 70 sanapitirire malire a 100. Chimene ndikuukanira ndi mphenzi. Waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri umatola mphamvu ngakhale mphenzi igwere patali ndithu, ndipo mphamvuyo imalowera mbali zonse ziwiri. Ndaonapo switch ndi makompyuta zitapsa mapoti usiku umodzi wa mu Januwale, pamalo pamene mphenzi sinakhudze denga n'komwe. Ku Dedza kuno n'kumapiri, mvula ya mabingu simuisowa. Waya wa m'nyumba umafumbutukanso ndi dzuwa pakapita nthawi.

Chimene ndingalangize komiti ndi zida ziwiri za panja zoyang'anana, za kampani imodzi, monga TP-Link CPE510 kapena Ubiquiti NanoStation. China chikhomedwe pakhoma la ofesi chikhale Access Point, chinacho pakhoma la buloko ya makompyuta chikhale Client, kapena Station pa Ubiquiti. Milongoti yake imaponya mbali imodzi, ndipo zinapangidwira makilomita, moti mamita 70 muyenera kuchepetsa mphamvu yake m'masetingi kuti zisagonthetsane. Magetsi zimalandira pa waya wa netiweki womwewo kudzera pa kabokosi ka PoE kamene kamabwera nazo, choncho kunja sikufunika soketi. Pokhala za kampani imodzi, muyatse WDS mbali zonse ziwiri, kompyuta iliyonse idzaoneka payokha. Ziyenera kuonana maso ndi maso. Imani pamene chikhale china, muone ngati mukuona pamene chikhale chinzake, ndipo mukumbukire kuti mtengo umene wayoyola masamba mu Ogasiti udzakhala utatseka njira mu Disembala. Zikhale pansi pa msinkhu wa denga, osati pa mlongoti wautali, ndipo mmisiri azilumikize ku nthaka. DHCP ikhale ya rauta ya Starlink yokha.

Muyang'ane kaye rauta ya Starlinkyo, chifukwa chida cha ku ofesi chifunika kulowa pa waya. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo zida zambiri za nthawi imeneyo zinabwera ndi rauta ya Gen 2, imene ilibe poti ya Ethernet ngakhale imodzi. Imafuna Ethernet Adapter yogula padera, yolowa pakati pa waya wa dishi ndi rauta. Ya Gen 3 ili ndi mapoti awiri kumbuyo, obisika ndi kachivindikiro. Starlink Mini ili ndi imodzi.

Ngati makolo angathe kukumba ngalande, pali njira yoposa zonsezi: faiba yokwiriridwa mu paipi, ndi media converter, kabokosi kolumikiza faiba ku waya wamba wa netiweki, mbali iliyonse. Faiba ndi galasi, siinyamula magetsi, choncho mphenzi ilibe podutsa, ndipo mitengo ikule bwanji palibe chosintha. Mugule yodulidwa kale ndi mitu yake, ya mamita 100, kuti musafune makina olumikizira. Poikoka mu paipi musaipinde pakona ngati waya wa magetsi, imathyokera mkati osaoneka kunja. Pemphani ogulitsa awiri kapena atatu akulembereni mitengo ya njira zonse ziwiri, ya zida za panja ndi ya faiba, mupite nayo ku komiti.